Mpopi Woti Mwana Amwepo

Tauni imene tinkakhala ine ndi mkazi wanga Enifa inali ndi thanki pamwamba pa phiri, ndipo ife tinali kumunsi, kumene paipi imathera. Dzina la tauniyo ndinaliiwala, kapena ndinalisiya dala panjira. Chimene ndimakumbukira ndi mpopi wa pabwalo pathu, womangidwa mphira pakhosi chifukwa unkadontha, ndi madzi ake oyera mbee. Tinkawanyadira madzi amenewo. Abale akabwera kuchokera kumudzi tinkawapatsa m'tambula yagalasi kuti adzionere okha.

Mwana wathu Tinyade anali atangoyamba kuthamanga. Chaka china, mvula itangoyamba, anatsekula m'mimba m'mawa, ndipo pofika mawa lake maso anali atalowa m'kati. Kuchipatala anati ndi kolera. Thupi lake sanatipatse. Analikulunga m'pulasitiki anthu ovala magolovesi, ndipo Enifa sanaloledwe ngakhale kumusambitsa mwana wake. Pambuyo pake kunamveka kuti paipi inang'ambika pafupi ndi zimbudzi za kumsika, ndipo tinakhala tikumwa zimenezo osadziwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Titachoka kumanda, Enifa anaima pampopi paja n'kuuyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Tinyade," anatero, "ine sindidzaberekanso mwana woti azimwa madzi amene palibe akuwadziwa. Ndikupita kwathu. Mukadzapeza mpopi woti mwana amwepo, mudzanditenge."

Ine ndinabadwa wotero: mukandituma mchere ndimabwera ndi mchere, ngakhale msika ukupsa. Ndinamuperekeza kudepoti, ndinagulitsa bedi ndi mipando, n'kuyamba kuyenda. Ndinkamufuna Enifa. Ndinkafuna abwerere kuti tidzakhalenso ndi mwana wotisokosera m'nyumba, choncho ndinapita kukafuna mpopiwo.

Sindingathe kunena kuti ndinayenda nthawi yaitali bwanji. Ndinkakwera chilichonse chimene chaima, kaya lole ya makala kaya njinga ya kabaza, ndipo ndikatsika ndinkapeza thanki paphiri ndi nyumba zikutsetsereka kumunsi kwake, ngati sindinachoke n'komwe. M'tauni ina yotero, m'mphepete mwa msewu, ndinaona chipewa chikuyendayenda m'dzenje lasimenti. Pansi pa chipewacho panali mkulu wina wowonda, a Gelesomu, wogwira ntchito ku bungwe la madzi la kumeneko.

"Mukufuna chiyani, achimwene?" anandifunsa osadzutsa mutu. "Ngati ndi ntchito, gwirani sipanala iyi. Ngati ndi njira, funsani ena, ine sindituluka muno."

Ndinatsikira m'dzenjemo. Munali paipi yaikulu ngati ntchafu, ndipo pamsana pake anali atabowola n'kulowetsamo kachipangizo ka msinkhu wa chitsononkho. Mawaya ake ankapita ku kabokosi kotuwa, ndipo kabokosiko kankalandira moto kuchokera ku sola imene inali pamtengo panja.

"Ili timati lilime," anatero a Gelesomu. "Munthu amalawa madzi akamva ludzu. Ili limalawa osapuma. Limamva ngati klorini akadalimo, mankhwala opha tizilombo aja. Limaona madzi akayamba kuda, diso lanu lisanaone kalikonse. Limamvanso ngati madzi akukankha bwino m'paipi. Likamva limauza bokosi, bokosi limauza kompyuta ya ku ofesi. Zikakhala bwino, nyali yobiriwira. Zikavuta, yofiira, belu n'kulira."

Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Kanthu kameneka kakanakhala m'paipi yathu, bwenzi Tinyade ali moyo. Ndinalira pamaso pa munthu amene ndinali ndisanamuuze ngakhale kumene ndikuchokera, ndipo iye anangondisiya mpaka nditamaliza, kenako anandiuza kuti ndimange nati.

Ndinakhala nawo a Gelesomu mpaka manja anga atazolowera. Anandiphunzitsa kupukuta ndere palilime ndi kansalu kofewa, kusintha batire, ndi kuyesa ngati lilime silikunama. Umatunga madzi m'kabotolo n'kuponyamo kapiritsi. Madzi akafiira ndiye kuti klorini alimo, akakhala oyera ndiye kuti mulibe. Nyali za m'tauni imeneyo zinali zobiriwira tsiku lililonse, moti ndinayamba kufunsa mitengo ya nyumba za lendi. Koma tsiku lina ndinazindikira kuti sitinapitepo kutali ndi thanki. Malilime onse anali m'kati mwa mpanda kapena pafupi nawo.

"Kumunsi kulibe bwanji, madala?"

"Kumunsi amaba masola. Kuno kuli mpanda ndi mlonda."

"Nanga klorini amafika kumeneko?"

"Klorini amatopa panjira ngati munthu," anatero. "Koma limenelo si funso la malilime anga. Iwo amanena zimene alawa, ndipo sananamepo."

Ndinatsata paipi wapansi, kudutsa msika, kudutsa chigayo, mpaka kumene nyumba zimakhala zofolera mapepala. Pampopi womaliza panali mayi wina ali ndi chigubu chachikasu.

"Madzi ano ali bwanji, mayi?"

"Ndi madzi," anatero.

Ndinatunga m'kabotolo kanga n'kuponyamo kapiritsi. Ndinagwedeza, ndinadikira, ndinagwedezanso, koma madzi anakhala oyera mbee ngati a pabwalo pathu aja. Kuseri kwa nyumba kunkamveka nyimbo za maliro. Ndinabwerera kukapereka sipanala kwa a Gelesomu, n'kupitiriza ulendo wanga.

Tauni yotsatira inali ya fumbi. Kumeneko madzi ankabwera mwa apo ndi apo, lero mbali iyi, mkuja mbali inayo, nthawi zina mipopi n'kumangotulutsa mpweya sabata yathunthu. Nditanena kuti ndimadziwa kusamalira malilime, anandilemba ntchito tsiku lomwelo. Kapitawo wanga anali mayi Nangozo, wa ovolosi yochapa nthawi zonse, wokonda zida zake kuposa mmene ena amakondera ana awo. Kuno malilime analiko mpaka kumunsi, m'makola achitsulo okhoma ndi loko, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Tsiku limene madzi anasiya, mayi Nangozo ananditenga kupita kudzenje lina, atabereka chikwama chodzaza mabotolo a madzi ogula m'sitolo.

"Lilime likauma limafa," anatero, "ndipo lina limachokera kutsidya kwa nyanja, silibwera msanga. Ndiye madzi akasiya timalizula n'kuliviika umu. Timadonthezeramo klorini pang'ono kuti lisalire."

Analizula mosamala, analiika m'botolo, n'kulikhazika pakona ya dzenje ngati duwa. Nyali inakhalabe yobiriwira. Waya wonena za kukankha kwa madzi anali atauchotsa kalekale, akuti unkangobwereza zimene aliyense m'tauniyo akudziwa.

Ndi mayi Nangozo amene anandiphunzitsa kuti paipi yopanda madzi imayamwa. Anandiuza kuti ndiike chikhatho pakamwa pa mpopi wouma, ndipo ndinaumva ukundikoka.

"Ikakhala yodzaza imalavulira kunja, pong'ambika pamangonyowa," anatero. "Ikakhala yopanda kanthu imakoka chilichonse chili m'dothi, za m'ngalande, za m'chimbudzi. N'chifukwa chake madzi oyamba kubwera amakhala ngati thobwa."

"Ndiye lilime timalibwezera nthawi yanji, mayi?"

"Madzi akayera. Mukufuna matope aja alikande? Lina mulipeza kuti?"

Sanali munthu woipa. Malilime ake anali aukhondo kuposa onse amene ndinawaonapo, ndipo palibe limene linafera m'manja mwake. Ku ofesi anapachika chithunzi chake pakhoma. Kungoti madzi oyambawo ndi amene anthu ankalimbirana, chifukwa palibe ankadziwa ngati achiwiri abwera. Nthawi imene tauni yonse inkatunga matope, malilime onse anali m'mabotolo akulawa madzi a m'sitolo, ndipo kompyuta inkati zonse zili bwino.

Ndinatsatanso paipi mpaka kumapeto. Ndinamupeza mayi wa chigubu chachikasu, kapena wina wofanana naye. Nkhope za kumapeto kwa paipi sizisiyana kwenikweni. Ulendo uno anali ndi mwana kumbuyo.

"Madzi ano ali bwanji, mayi?"

"Abwera," anatero. "Matopewa akhazikika okha m'chigubumu."

Mwanayo anandiyang'ana akuyamwa chala. Sindinatulutse n'komwe kabotolo kanga. Ndinapita kudepoti ovolosi ili m'thupi.

Panadutsa matauni ena amene sanandiphunzitse kanthu, ena opanda malilime, ena okhala ndi mabokosi okha mawaya atadyedwa ndi makoswe. Nthawi zina ndinkafuna kupita kwa Enifa, koma ndikanapita ndi chiyani m'manja? Munthu wotumidwa sabwerera chimanjamanja n'kumati ndatopa. Ndinkangomutumizira moni kudzera mwa anthu opita chakumeneko, ndipo sindidziwa ngati moniyo ankafika.

Kenako ndinafika m'tauni ya mvula, kumene makoma onse anali obiriwira ndi ndere. Kuno zinthu anazichita bwino. Malilime anali paliponse, kumtunda ndi kumunsi, okhazikika m'paipi usana ndi usiku, opanda wowazula. Ndinawayesa limodzi ndi limodzi ndi kabotolo kanga ndipo onse ankanena zoona. Nditamaliza ndinapita ku ofesi kukaona kumene mawu awo amafikira. Ndinapeza bambo wina wonenepa, wa maso otopa, a Dayitoni, atakhala pafupi ndi kompyuta yovundikiridwa ndi nsalu yoluka.

"Analuka ndi akazi anga," anatero ataona ndikuyang'ana. "Vundukulani ngati mukufuna."

Ndinavundukula. Mapu a tauni yonse anali pamenepo, ndipo theka lake linali lofiira ngati makala a moto. Belu silinkalira. Waya wake unali lende pakhoma.

"Linkalira kuyambira m'mawa mpaka kuweruka," anatero a Dayitoni. "Ndiye tandiuzeni, achimwene, likalira ine ndizitani? Galimoto ilibe mafuta. Kosungira klorini kwatsala migolo yopanda kanthu, mphaka anaswera momwemo. Ndikauza akuluakulu amati tamva. Ndizingomvera kulira kwa chinthu chimene sindingachitonthoze?"

Anatsegula fulasiki ya madzi owiritsa a kunyumba kwawo n'kundithirira m'chivundikiro. Kenako analoza pamapu ndi chala, pakachigawo kena ka kumunsi kwa mlatho.

"Apa pakhala maliro sabata yamawa. Apa, sabata inayo. Ine ndimawadziwa maliro eni ake asanawadziwe. Inu mumaganiza kuti kudziwa n'chinthu chabwino?"

Ndinawamvera chisoni bambo amenewo kuposa anthu onse amene ndinakumana nawo panjira. Komabe ine ndine wouma mutu. Ndinapita kumunsi kwa mlatho n'kumayenda khomo ndi khomo, kuuza anthu kuti aziwiritsa madzi. Ankandimvetsera mwaulemu mpaka nditamaliza, kenako ankafunsa ngati ndabweretsa makala. Pampopi womaliza mayi uja analipo. Nsalu yoberekera anali ataimangabe pachifuwa, koma kumbuyo kunalibe mwana.

"Madzi ano ali bwanji, mayi?"

"Mukufunsa ine? Si inu mwavala ovolosi?"

Ndinachoka mvula ikugwa, ndikupempha chinthu chimodzi chokha: tauni imene belu likalira anthu amadzuka.

Ndinaipeza, ndipo paja amati walira mvula walira matope. Inali tauni ya m'chigwa, yokhala ndi dambo kumbali kwake. Bwana wa za madzi kumeneko, amene anandilemba ntchito, anali wachangu, wosafuna zocheza. Belu litalira tsiku lina masana, ananditumiza ndi kiyi wachitsulo wautali ngati mpini wa khasu kuti ndikatseke vavu, chotsekera chachikulu cha paipi yopita kumunsi. Ndinazungulitsa kiyiyo ndi manja anga mpaka paipi itakhala chete. Ndinasangalala tsiku limenelo, sindibisa. Ndinati lero palibe mwana amwe zoipa.

Pong'ambika sipanapezeke msanga. Tinakumba apa, tinakumba apo, masiku n'kumapita mipopi ili gwa. Palibe anaganiza kuti anthu azimwa chiyani podikira. Anapita kudambo, anakumba timaenje kumunsi kwa zimbudzi zawo zomwe, n'kumatunga ndi makapu. Matenda amene tinawatsekera khomo analowera pazenera, ndipo anatenga ambiri kuposa amene paipi ikanatenga.

Anthu a kumunsi anabwera m'mawa wina, ndili m'dzenje ndikupukuta lilime. Sanali kukuwa. Bambo wina anangoti, "Chinthu ichi ndi chimene chimatitsekera madzi," ndipo miyala inayamba kugwa. Anaphwanya sola, anaphwanya bokosi, anazula lilime n'kuliponda. Mwala wina unaphonya bokosi n'kupeza pakamwa panga, moti mano anga akutsogolo ndinawasiya m'tauni imeneyo. Nditadzutsa mutu ndinaona mayi wa chigubu chachikasu ataima m'mphepete mwa dzenje, mwala uli m'manja. Sanauponye, ndipo ine sindinamufunse za madzi.

Pambuyo pake ndinayenda ngati munthu wogona. Ndimakumbukira milatho, madepoti, ndi mapaipi okwiririka theka m'mphepete mwa misewu. Tsiku lina ndinatsika m'katauni kakang'ono kopanda chochititsa chidwi, kamsika kamodzi ndi thanki ya dzimbiri. Woyang'anira madzi anali mayi Elufe, wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono. Anandiyang'ana pakamwa n'kunena kuti akuona kuti ntchitoyi ndikuidziwa.

Mayi Elufe analibe zida zambiri. Malilime ochepa amene anali nawo anawaika kumapeto kwa mapaipi, ndipo sola iliyonse inali padenga la munthu amene ankatchajirapo foni yake, choncho panalibe wakuba akanaiyandikira. Madzi akasiya, lilime linkakhala m'kachigwa ka paipi mmene madzi satha, losazulidwa. Madzi akabwerera, tinkatsegula kumapeto n'kutaya oyambawo mpaka nyali itabiriwira, anthu akudikira ndi ndowa zawo. Belu likalira tinkatseka, inde, koma tisanatseke ngolo ya ng'ombe inkakhala itanyamuka kale ndi migolo ya madzi a kuthanki. Panalibe chozizwitsa chilichonse. Mayiyo ankangoganiza za munthu wa kumapeto kwa paipi asanaganize za chida.

Ndinatsata paipi mpaka kumapeto. Mayi wa chigubu kunalibe. Panali kamtsikana kakumwa m'manja pampopi, madzi akutsikira m'zigongono. Ndinaponya kapiritsi m'kabotolo ndipo madzi anafiira.

Mungaganize kuti ndinathamanga kukamutenga Enifa. Ayi, ine ndinali nditanamizidwa kokwanira. Ndinati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Ndione kaye dzinja limodzi. Dzinja linadutsa popanda maliro a kolera. Ndinati limeneli linali la mvula yochepa, ndione lina. Linalo paipi inang'ambika, belu linalira, ngolo inanyamuka, ndipo palibe anadwala. Ndinati ndione ngati adzachitenso chimodzimodzi mayi Elufe akadzadwala kapena akadzapita kutchuthi. M'mawa uliwonse ndinkazungulira malilime onse ndi kabotolo kanga, kufunafuna bodza, ndipo sindinalipeze. Ndinapeza nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi mpopi pabwalo, ndinagula bedi, koma ndinkangoti dzinja limodzi lokha.

Tsiku lina tikutseka dzenje, mayi Elufe anati, "Madala, bedi lija munagula lija mukudikira kuti lizibereka lokha? Pitani mukawatenge akazi anu. Malilime ndikusungirani."

Palibe anali atanditchulapo madala. Ndinadziyang'ana pagalasi la kabokosi kotuwa n'kuona imvi mpaka m'nsidze. Mawa lake ndinakwera basi.

Mudzi wa kwawo kwa Enifa ndinaupeza pomwe ndinausiya, kungoti mitengo inali itatha. Polowa ndinadutsa chitsime chawo, chosavundikira, chokumbidwa kumunsi kwa khola la ng'ombe, zimbudzi ziwiri zili chakumtunda kwake. Maso anga anaona zonsezi ndisanawatume.

Enifa anali pakhonde akuswa mtedza. Anali atachepa thupi, ndipo pansi pa duku pankaoneka imvi. Anandiyang'ana, anaika lichero pambali, anandiyalira mphasa, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi kapu ya madzi a mumtsuko, anagwada n'kundipatsa ndi manja awiri monga amachitira ndi mlendo. Ndinailandira. Pakhomopo panalibe nsapato za mwamuna kapena zovala za ana pachingwe.

"Mayi a Tinyade," ndinatero, "mpopi uja ndaupeza."

"Mpopi uti?"

"Umene munandituma. Woti mwana amwepo."

Ndinayamba kumufotokozera za malilime a kumapeto kwa paipi, za ngolo ya ng'ombe, za nyumba ya zipinda ziwiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo.

"Bambo a Tinyade," anatero, "tsiku lija dothi la pamanda linali lisanaume. Munthu wotero amalankhula chilichonse. Ndikanati mukandithyolere mwezi, mukanapita?"

Kunena zoona, mwina ndikanapita.

"Ndinkaganiza kuti mubwera sabata yomweyo, tidzakhale pamphasa tilire mwana wathu. Tsiku lometa ndinameta ndekha. Amalume anati ndikwatiwe, ndinakana. Ndinkati akubwera. Basi ikaima kumsewu ndinkatuluka." Anatola khoko la mtedza pansalu yake n'kulitaya. "Mwana woti akamwe madzi anuwo ndimutenga kuti tsopano? Msinkhu umenewo unandipitirira ndili pakhonde pano."

Mtima unandiwawa kuposa tsiku la miyala lija. Ndinati tipitebe, ngakhale awiriwiri, nyumba ilipo.

"Ine sindichokanso pano, amayi ndi abambo agona apo," anatero. "Koma sindinakuthamangitseni. Khomo ndi ili. Mukafuna kukhala, khalani, tizidya zomwe ndimadya." Kenako anayang'ana m'manja mwanga. "Mwayenda ulendo wautali. Simukumwa?"

Ndinali ndi ludzu, ndipo ndinkafuna kukhala. Mulungu ndi mboni, palibe chimene ndinachifunapo kuposa kukhala pakhonde limenelo. Ndinakweza kapu. Madzi anali ozizira, onunkhira dothi la mtsuko, oyera bwino. Koma dzanja linaima lokha panjira n'kupendeketsa kapuyo kudzuwa, monga linkachitira m'mawa uliwonse zaka zonsezi, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu.

"Munawiritsa?"

Enifa anandiyang'ana. Sanakwiye. Anatambasula manja awiri n'kutenga kapu ija mwaulemu, monga anandipatsira. Anamwa madzi onse pang'onopang'ono ine ndikuona, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kuvundikira kapuyo pansi. Kenako anakokera lichero pamiyendo pake.

"Basi yomaliza imadutsa dzuwa lisanalowe," anatero. "Mukafulumira muipeza."